Msonkho pa ndalama za severance ndi pa chuma cha masiye: zoyenera kuchita musanasaine kapena kugawana

Mafunso awiri akhala akundifika mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu a muno mu Lilongwe, ena ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo, ena a m'maofesi a ku City Centre, enanso a m'mabungwe omwe si a boma amene ntchito yawo imatha thandizo lochokera kunja likaduka. Funso loyamba limakhala lakuti, "Kuntchito achepetsa anthu ndipo ine ndili m'gulu la ochotsedwa, nanga bwanji ndalama zimene zalowa ku banki zachepa chonchi poyerekeza ndi zimene anandiuza?" Lachiwiri limakhala lakuti, "Malemu bambo atisiyira nyumba ndi ndalama ku banki, kodi a MRA atidula zingati?" Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofuna aziwerenga modekha, cholembera chili m'manja.

Nkhani ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma zimakumana pa mfundo imodzi yaikulu: msonkho wake umachotsedwa ndalama zisanafike m'manja mwanu. Pa ndalama zochotsedwera ntchito, amene amadula msonkho ndi abwana anu, ndipo pa chuma cha masiye, amene amalipira ndi munthu woyendetsa chumacho asanayambe kugawa. Choncho nthawi yofunsa mafunso ndi pamene simunasaine pepala lililonse komanso pamene pachibale simunagawane kanthu, chifukwa pambuyo pake kukonza cholakwika kumadya miyezi ndi ndalama zambiri za mayendedwe.

Ndalama zochotsedwera ntchito

1. Werengani chifukwa chimene chalembedwa m'kalata yokuchotsani.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, monga linasinthidwira mu 2010, limanena pa ndime 35 kuti ndalama za severance zimaperekedwa kwa munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ili pa mavuto a zachuma, kapena yasintha kayendetsedwe ka ntchito, komanso kwa amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Severance ndi ndalama yokupepesani kuti ntchito yatha inu musanalakwe, ndipo imawerengedwa potengera zaka zimene mwagwira. Wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira, wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe loipa salandira, ndipo amene akadali pa miyezi yoyesedwa salandiranso.

Ambiri amataya ndalama zawo pa sitepe yoyambayi. Bwana amakuitanirani mu ofesi n'kukuuzani mokoma kuti, "Bambo, ingolembani kalata yosiya nokha kuti mbiri yanu ikhale yabwino mukamakafuna ntchito kwina." Mukalemba kalatayo ndiye kuti mwasiya nokha, ndipo severance mwaitaya ndi dzanja lanu lomwe. Kuchotsedwa chifukwa chochepetsa antchito sikuipitsa mbiri ya munthu aliyense. Pemphani kuti kalata inene chifukwa chenicheni, ndipo pemphaninso chiphaso chotsimikiza kuti munagwirapo ntchito, chimene lamulo lomweli limalamula abwana kupereka mukachipempha, chokhala ndi tsiku limene munayamba ndi limene mwamaliza.

2. Kanani chiwerengero chimodzi chophatikiza. Pemphani kuti ndalama iliyonse ilembedwe payokha.

Chimene anthu amachitcha "ndalama zanga zomaliza" chimakhala ndi zigawo zingapo, ndipo msonkho suzigwira mofanana. Muli malipiro a mwezi womaliza, muli ndalama ya notisi ngati akuchotsani osakupatsani nthawi yochenjeza, imene kwa wolandira pamwezi ndi mwezi umodzi pokhapokha mgwirizano wanu utanena zoposa pamenepo, muli ndalama ya masiku a tchuthi amene simunapite, muli severance yeniyeniyo, ndipo nthawi zina muli bonasi kapena ndalama ina yongowonjezera mwa chifundo. Pepala loyenera lizionetsa chigawo chilichonse pamzere wake, kenako msonkho umene wadulidwa, kenako ngongole za kuntchito zimene achotsa, kenako zotsala zolowa ku banki. Lamulo limati malipiro onse oyenera munthu ntchito ikatha aperekedwe m'masiku 7. Ngati pansi pa pepalalo pali mawu onena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu, musasaine tsiku lomwelo. Litengeni kunyumba, mukawerengetsere.

3. Werengerani nokha severance yanu.

Mawerengedwe ake ali m'lamulo ndipo si ovuta. Pa zaka 5 zoyambirira mumalandira malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 mumalandira a masabata 3 pa chaka, ndipo kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo mumalandira a masabata 4 pa chaka. Miyezi yapamwamba yosakwana chaka siwerengedwa, ndipo amene sanakwanitse chaka chimodzi alibe severance. Awa ndi malire apansi. Mgwirizano wanu kapena wa bungwe la antchito ukhoza kupereka zambiri, koma sungapereke zochepa.

Cholakwika chofala kwambiri chili pa tanthauzo la malipiro. Maofesi ena amangotenga malipiro oyambira, amene pa peyisilipi amalembedwa kuti basic, pamene lamulo limati awerengerenso alawansi ya nyumba, alawansi ya galimoto ndi ya mayendedwe opitira kuntchito ndi kubwerera kunyumba. Zimene siziwerengedwa ndi monga zopereka za abwana ku penshoni ndi ku chithandizo cha kuchipatala, alawansi ya sukulu ya ana, yolandirira alendo, ndi mphatso.

Tiyeni tiyerekeze ndi munthu amene wagwira zaka 8 zathunthu, wolandira K500,000 ya basic, K100,000 ya nyumba ndi K50,000 ya mayendedwe, zonse pamodzi K650,000 pamwezi. Tikachulukitsa ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, malipiro ake a pasabata ndi K150,000. Zaka 5 zoyamba zikumupatsa masabata 10, zaka 3 zotsatira zikumupatsa masabata 9, onse pamodzi masabata 19, ndipo severance yake ndi K2,850,000. Akanangotenga basic yokha, munthuyu akanalandira pafupifupi K2,192,000, kutanthauza kuti akanataya ndalama zoposa malipiro ake a mwezi wathunthu. Ena amapeza malipiro a pasabata pogawa a pamwezi ndi 4, zimene zimakweza chiwerengerocho pang'ono, choncho funsani a ku ofesi ya malipiro njira imene agwiritsa ntchito kuti muzilankhula chimodzi.

4. Mvetsani mmene msonkho wadulidwira.

Apa ndi pamene mitima ya anthu imasweka, ndipo ndi pamene alangizi ambiri amadumpha. Pali chikhulupiriro chakuti severance ilibe msonkho. Ena anachitenga pa intaneti, pomwe amawerenga kuti ku Britain mapaundi 30,000 oyamba a ndalama yochotsedwera ntchito sadulidwa msonkho, osazindikira kuti limenelo ndi lamulo la kumeneko. Kuno lamulo la msonkho la Taxation Act limakhululukira kagawo kakang'ono chabe, K50,000 yoyamba ya ndalama yoperekedwa kwa munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, ndipo limanena momveka kuti ndalama ya notisi ndi ya masiku a tchuthi sizilowa m'chikhululuko chimenechi. Zina zonse zimatengedwa ngati ndalama zochokera kuntchito ndipo zimadulidwa PAYE, msonkho umene abwana amachotsa pa malipiro n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kwa ine K50,000 imeneyi inatsalira kutali ndi mitengo ya zinthu, ndipo ndi nkhani imene mabungwe a antchito akanayenera kumaikweza pa zokambirana za bajeti chaka chilichonse, koma pakadali pano tiwerengere ndi zimene zilipo.

Msonkho wa PAYE umakwera potsata kuchuluka kwa ndalama. Milingo yake imasintha boma likalengeza bajeti, choncho gwiritsani ntchito ya mwezi umene mwalandira ndalamazo, imene a MRA amailengeza. Pofuna kuonetsa mmene zimayendera, nditenga milingo imene inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira 30 peresenti, ndipo zonse zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa 35 peresenti.

Munthu wathu uja pamwezi wamba ankadulidwa K132,500, ndiko kuti K87,500 ya pa mlingo wa 25 peresenti ndi K45,000 ya pa mlingo wa 30 peresenti. Tsopano m'mwezi womaliza walandira malipiro a K650,000, notisi ya K650,000, masiku a tchuthi a K300,000 ndi severance ya K2,850,000, zonse pamodzi K4,450,000. Tikachotsa K50,000 yokhululukidwa, yotsala yodulidwa msonkho ndi K4,400,000. Ngati ofesi ya malipiro yaika zonsezi m'mwezi umodzi, msonkho ukhala K87,500 pa mlingo wachiwiri, K615,000 pa wachitatu, ndi K647,500 pa K1,850,000 imene yafika pa mlingo wa 35 peresenti. Msonkho wonse ndi K1,350,000, ndipo munthu amene ankayembekezera K4,450,000 aona K3,100,000 asanachotse za penshoni ndi ngongole. Palibe amene wamubera. Chachitika n'chakuti ndalama yoimira zaka 8 yadutsa pa mlingo wa mwezi umodzi, choncho gawo lalikulu lakwera kufika pa mlingo umene munthuyu sanaufikepo chiyambire ntchito.

Poona pepala lanu, fufuzani zinthu zitatu. Onani ngati K50,000 ija yachotsedwadi msonkho usanawerengedwe. Onani ngati sanangotenga mlingo wapamwamba n'kuuchulukitsa ndi ndalama yonse, zimene zimachitika pamene wowerengera akufulumira kumaliza mapepala a anthu makumi angapo tsiku limodzi. Onaninso ngati ndalama zongokubwezerani, monga zimene munagwiritsa ntchito pa ulendo wa kuntchito muli ndi malisiti ake, sizinasakanizidwe ndi malipiro n'kudulidwa msonkho.

5. Tengani fomu ya P9 ndipo muwerengetsere msonkho wa chaka chonse.

Msonkho wa munthu kwenikweni ndi wa chaka chonse, ndipo PAYE ya mwezi ndi mwezi ndi njira yongolipirira pang'onopang'ono. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi. Izi zili ndi tanthauzo lalikulu kwa munthu amene wachotsedwa kumayambiriro kwa chakacho ndipo sanapeze ntchito ina msanga.

Tinene kuti munthu wathu uja anachotsedwa kumapeto kwa Juni ndipo sanapeze ndalama ina iliyonse mpaka Marichi. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi anadulidwa K265,000, mu Juni K1,350,000, zonse pamodzi K1,615,000. Ndalama zake zodulidwa msonkho za chaka chonse ndi K5,700,000. Milingo ija tikaichulukitsa ndi 12, K1,800,000 yoyamba ilibe msonkho, ndipo K3,900,000 yotsalayo yonse ikugwa pa mlingo wa 25 peresenti, umene pachaka umafika mpaka K6,000,000. Msonkho wake wa chaka ndi K975,000. Kusiyana kwake ndi zimene anadulidwa ndi K640,000, ndalama yokwanira kulipira lendi ya miyezi ingapo ku Area 25 kapena ku Kawale pamene akufunafuna ntchito.

Ndalama yotere sibwera yokha. Muyenera kukhala ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, muyenera kukhala ndi P9, chikalata chimene abwana amalembamo zonse zimene anakulipirani ndi msonkho umene anadula m'chakacho, ndipo muyenera kupereka ritani yanu, fomu yoonetsa ndalama zonse zimene mwapeza m'chakacho, ku MRA chaka chikatha, kaya kudzera pa Msonkho Online kaya ku ofesi yawo ya muno mu Lilongwe, n'kupempha kuti akubwezereni zopitirira. Tengani P9 kampani isanatseke zitseko, chifukwa kampani imene ikuchepetsa antchito lero mwina chaka chamawa simudzapeza woti akusainireni. Pa ritani mulembe ndalama zonse za chakacho moona mtima, kuphatikizapo malipiro a ntchito yatsopano, lendi ya nyumba kapena phindu la bizinesi, chifukwa zimenezi zimachepetsa kapena kuthetseratu zoyenera kubwezedwa. Kubwezako kumatenga nthawi, choncho musakongole katapila mukudalira ndalama imeneyi.

6. Musasokoneze severance ndi penshoni.

Penshoni ndi ndalama ina, yosungidwa ndi kampani ya penshoni osati abwana anu, ndipo abwana sangaiwerengere ngati gawo la severance. Lamulo limafuna kuti abwana aziika osachepera 10 peresenti ya malipiro anu ndipo inu 5 peresenti. Musanachoke pemphani sitetimenti yanu ya penshoni muone ngati miyezi yonse inaperekedwa, popeza makampani amene ali pa mavuto a zachuma kawirikawiri amadula 5 peresenti ya wantchito koma osaipereka. Zikakhala choncho, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu amene wakhala miyezi 3 osagwira ntchito kupempha gawo la ndalama zake, pamene kale ankadikira miyezi 6. Ngati vuto lili pa kachotsedwe kenikeniko, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe pasanathe miyezi 3 chikuchotsereni, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Chuma cha masiye

7. Dziwani kuti wolipira msonkho ndi chuma cha malemu, osati inu wolandira.

Ndalama kapena katundu amene mwalandira monga cholowa si malipiro, ndipo sadulidwa PAYE kapena msonkho wa pa zimene munthu wapeza. Msonkho umene ulipo ndi estate duty, wa pansi pa lamulo la Estate Duty Act, umene umawerengedwa pa mtengo wa chuma chonse cha malemu atachotsa ngongole zake ndi ndalama zoyenera za maliro. Chuma chochepa sichifika pa mlingo wolipira, ndipo chikamakula mlingo umakweranso. Mapepala ake amayendetsedwa kudzera ku ofesi ya Registrar General, ndipo amene ali ndi udindo wolipira ndi woyendetsa chumacho, kuchokera m'chuma chomwecho.

Ngati malemu anali ndi katundu kunja, katunduyo amagwidwanso ndi malamulo a dziko limene ali. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town, estate duty imayambira pa 20 peresenti ya chuma chopitirira marandi 3.5 miliyoni, ndipo imalipidwa komweko chumacho chisanatumizidwe kuno. Aliyense amene angakuimbireni foni kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti mutumize kaye "msonkho" ku nambala yake kuti cholowa chanu chituluke ndi wakuba. Msonkho weniweni umalipidwa ku ofesi ya boma ndipo umakhala ndi lisiti la boma.

8. Lembani chuma chonse ndi ngongole zonse musanakhudze kanthu.

Yambani ndi chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, popeza banki, kampani ya penshoni ndi khoti onse adzachifuna, ndipo jambulitsani makope angapo otsimikizidwa. Kenako fufuzani ngati malemu anasiya wilo. Wilo yovomerezeka imakhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zasaina. Mukatero, khalani pansi pachibale ndi kope limodzi mulembe nyumba ndi mapepala ake, puloti, galimoto, maakaunti a ku banki, masheya, ndalama za ku SACCO kapena banki m'khonde, katundu wa bizinesi, ndi ndalama zimene ena anakongola kwa malemu. Patsamba lina mulembe ngongole zake: za ku banki, za msonkho wa nyumba ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, za lendi ya malo ku unduna wa zamalo, ndi msonkho wa MRA ngati ankachita bizinesi. Sungani malisiti a bokosi, a galimoto yonyamula maliro ndi a ku mochale. Pa nthawi ya chisoni palibe amene amaganiza za lisiti, choncho ndi bwino kusankha munthu mmodzi wodekha, kaya mlamu kaya mnzake wa kumpingo, kuti azitolera timapepalati m'envelopu imodzi kuyambira tsiku loyamba.

Nyumba ndi malo ziyenera kuwerengedwa mtengo ndi katswiri wovomerezeka. Musachepetse mtengo mwadala pofuna kuthawa estate duty, chifukwa mapepala ake mumasaina molumbira, ndipo pepala lomwelo lidzakutsutsani tsiku limene mudzafune kugulitsa kapena kugawana mwachilungamo.

Ndalama za penshoni za munthu amene wamwalira ali pa ntchito zimayenda njira yakeyake. Zimaperekedwa kwa anthu amene iye anawalemba pa fomu ya olandira, pamodzi ndi ndalama ya inshuwalansi ya moyo imene lamulo limakakamiza abwana kudulira wantchito aliyense, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. N'chifukwa chake fomu imeneyi iyenera kukonzedwa munthu akakwatira, akabereka mwana kapena banja likatha. Malipiro omaliza a malemu ndi a masiku ake a tchuthi amadulidwa PAYE monga mwa nthawi zonse asanaperekedwe.

9. Pezani chilolezo cha khoti, lipirani msonkho ndi ngongole, kenako gawanani.

Lamulo loyendetsa nkhanizi ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Pakakhala wilo, amene anatchulidwamo kuti ayendetse chuma amapempha probate, chilolezo chotsimikiza wiloyo, ku High Court. Pakapanda wilo, wachibale woyenera amapempha makalata otchedwa letters of administration, omupatsa mphamvu yotolera chuma, kulipira ngongole ndi kugawa. Chuma chochepa chimatha kuyendetsedwa ku khoti la majisitireti kapena kudzera kwa DC, ndipo pamene pali mkangano kapena palibe woyenera, ofesi ya Administrator General imatha kulowererapo. Pa chuma chachikulu, nkhani ya estate duty iyenera kukhala itakonzedwa kuti chilolezocho chituluke, ndipo banki siitulutsa ndalama za malemu popanda chilolezo chotere. Vuto limakhala lakuti ndalama zolipirira zili mu akaunti yomwe yatsekedwayo. Zikatero wachibale amene wapereka za m'thumba mwake asunge lisiti, ndipo adzabwezeredwe kuchokera m'chumacho anthu asanagawane.

Musatape ndalama pa ATM ndi khadi la malemu ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa, ndipo musagulitse galimoto kapena puloti chilolezo chisanatuluke. Woyendetsa chuma amene wagawa zonse n'kusiya msonkho kapena ngongole akhoza kufunsidwa kuti alipire yekha.

Pano ndiyenera kunena za chinthu chimene chimandipweteka mtima. Mwambo wosudzula ukangotha, kapena usanathe n'komwe, pamapezeka abale a mwamuna amene amanyamula mipando, firiji ndi mapepala a nyumba, n'kumuuza mayi wamasiye kuti, "Alamu, zimenezi ndi za mbumba yathu." Lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse a malemu ndi ena amene ankadalira iye, ndipo wotsalayo amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene chilango chake chimafika pa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 10 m'ndende. Mwinimbumba wanzeru amathandiza kulemba chuma m'kope lija ndi kuperekeza wamasiye ku khoti.

10. Cholowa chikayamba kubala, msonkho umayamba kukukhudzani inuyo.

Ichi ndi chimene mabanja ambiri amaiwala. Kulandira nyumba kulibe msonkho kwa inu, koma lendi imene nyumbayo ikubweretsa ndi ndalama yanu yolowa, ndipo iyenera kulembedwa pa ritani. Ngati wochita lendi ndi kampani kapena bungwe, amadula withholding tax asanakupatseni, ndiko kuti msonkho wochotseratu kugwero, ndipo ayenera kukupatsani satifiketi yosonyeza zimene wadula kuti mudzaichotsere pa msonkho wanu wa chaka. Ndalama ya cholowa mukaiika ku banki kapena kugula ma treasury bill, ndiko kuti kukongoza boma ndalama kwa kanthawi, chiwongoladzanja chake chimadulidwanso msonkho wotere, chimodzimodzinso phindu la masheya. Chimodzimodzinso severance: mukaigulira minibasi kapena kutsegulira golosale, phindu lake ndi nkhani yatsopano ya msonkho.

Kusamutsa nyumba kuchoka m'dzina la malemu kupita kwa mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake sikutengedwa ngati kugulitsa kobweretsa phindu lodulidwa msonkho. Koma inu mukadzaigulitsa kwa munthu wina, phindu la pa malondawo likhoza kuwerengedwa ngati ndalama yolowa, ndipo kusintha umwini wa malo ndi nyumba kumafuna chiphaso cha MRA chotsimikiza kuti nkhani za msonkho zili bwino, kuwonjezera pa msonkho wa sitampu. N'chifukwa chake muyenera kusunga mapepala amene malemu anagulira kapena kumangira nyumbayo, lipoti la katswiri wowerengera mtengo, ndi malisiti a zonse zimene mwakonzetsa, popeza ndi zimene zidzasonyeze kuti phindu lenileni ndi lingati.

Pamene nyumba yatsala m'manja mwa ana angapo, monga zimachitikira kawirikawiri ku Area 18, ku Biwi ndi ku Chilinde, gwirizanani molemba kuti lendi izilowa mu akaunti iti, ndani azilipira msonkho wa ku khonsolo ndi zokonzetsa, ndipo aliyense gawo lake ndi lotani. Chuma chikadali m'manja mwa wochiyendetsa, iyeyo ndiye amayankha ku MRA pa lendi imeneyo m'dzina la chuma cha malemu. Nyumba ikasamutsidwira m'mayina anu, aliyense amalemba gawo lake pa TPIN yake, ndipo muuze wochita lendi mayina ndi manambala oyenera kulembedwa pa satifiketi ya withholding tax, chifukwa satifiketi yotuluka m'dzina la malemu simungaigwiritse ntchito pa ritani yanu popanda kuyamba mwakaikonzetsa.